Chingwe pa Msana wa Bulu

Lachitatu, 12 Febuluwale

Chipale chofewa chikugwabe. Lero ndakwera padenga ndi fosholo mpaka msana kuwawa, ndikamafika kumapeto n'kuti komwe ndinayambira kwadzazanso. Msewu wopita ku tawuni ya Van watsekeka, magetsi anazima dzulo, foni yangosanduka tochi. Zimenezo n'za chaka ndi chaka, sizindisowetsa tulo. Chikundisowetsa tulo ndi udzu.

M'khola mwatsala wongokwana mlungu umodzi, tikamazimana nkhosazo mwina n'kupitirirako pang'ono. Ndiye zambiri zili ndi bere. Udzu wonse umene mudzi uno unamweta m'chilimwe uli kumilu, kuseri kwa mpata wa pakati pa mapiri umene timautcha Khosi, wangokhala phee kutidikira. Januwale yense kunali kowala ndi kozizira koopsa, chipale chochepa, zileyi zokokera udzu zikanangosweka pamiyala. Anthu ankati tidikire chigwe chambiri. Chagwatu tsopano, tisangalale.

Bambo a Nevzat sakuyankhula. Amuna angawa mawu awo a chaka chonse angakwane m'kapu ya tiyi, koma kukhala chete kwa leroku ndi kwina. Atenga ndodo yawo yaitali ija kuseri kwa chitseko, apita kuseri kwa khola, abwera, akhala pansi, apitanso. Ndodoyo inali ya bambo awo. Amene ali nayo ndiye amatsogolera amuna a m'mudzi podutsa pa Khosi, ndipo ndi amene amanena kuti lero tipite kapena lero ayi. Ndawafunsa kuti, "Kodi a Ferzende, chipalecho chikuti bwanji?" Angoti, "Tipatseni tiyi."

Mpongozi wanga Delal mimba yakula, akuyenda chogwira m'chiuno. Nevzat akumusamala ngati dzira, sakufuna anyamule ngakhale ketulo. Mwana wangayu wakwatira chaka chatha chomwechi koma akudziona kale ngati mwini khomo.

Lachinayi, 13 Febuluwale

Mphepo yayamba, yochokera kummwera. Ikusesa chipale pamwamba pa mapiri, ukayang'ana ungati kukufuka utsi.

Masana a F. (a Ferzende) anandiitana kuseri kwa khola. Ine ndimati mwina nkhosa yagwa. Ndinapeza akumba dzenje pachitunda paja mpaka kufika dothi, iwo ali m'katimo mpaka m'chifuwa.

"Pisani dzanja apa," anatero.

Pamwamba chipale n'cholimba, mphepo yachipanikiza ngati thabwa. Koma pansi penipeni, pomwe pali chija cha Januwale, dzanja linangolowa lonse. Chasanduka timibulu ngati shuga, ukachifumbata sichiumbika, chimangoyoyoka m'zala.

Anadula chigawo ndi fosholo mbali zonse, n'kuchimenya pamwamba ndi chikhatho. Kamodzi kokha. Chonse chinatsetsereka n'kudzagwera pamapazi awo.

"Phiri lonse lili chonchi," anatero. "Pamwamba pa Khosi ndiye kwaposa, mphepoyi ikuthira konko."

"Ndiye chikhazikika liti?"

"Shuga ameneyu sagwirana msanga. Mwina kutafunda pang'ono. Mwina chitagwa chokha."

"Nanga nkhosa zidya chiyani podikira?"

Anatuluka m'dzenjemo, ndipo atangoponda pambali chipale chinabuula pansi pathu, wuu, ngati ng'ombe ikamagona. Mng'alu unathamanga kuchokera pansapato yawo mpaka kumpanda. Ndakulira muno, koma kubuula kumeneko sindikuzolowera.

Ndinawauza kuti amuonetse Nevzat. Anamuitana. Anabwera manja ali m'thumba, anasuzumira m'dzenjemo ngati akuona chimbudzi cha eni, n'kuti, "Ababa, kuseri kwa khola si ku Khosi." Basi, n'kubwerera kukakhala ndi mkazi wake. Ndinafuna kumugenda ndi fosholo.

Lachisanu, 14 Febuluwale

Amuna akumana kumzikiti itatha swala. Nkhani ndaimva kwa Perihan, mkazi wa alamu anga a Mirza, pomwe timaphika mikate kung'anjo. Mayi ameneyo sasunga mawu, ndipo lero zandithandiza.

Akuti a F. ananena kuti ayi, asapite aliyense. A Mirza anaimirira. Iwowo ndi amene ali ndi nkhosa zambiri m'mudzi muno ndipo udzu wawo utha mawa kapena mkuja, ndiye mutu suli bwino. Akuti anati, "Achimwene, chaka chija munatiletsanso. Tinakhala pansi kudikira chigumukire chanucho, sichinabwere, ine ana a nkhosa anandifera khola lonse. Kodi mukufuna tizidyetse ndodo yanuyo?" Anthu anaseka.

Kenako anati tichita monga mwa nthawi zonse. Tikafika pamitengo ya misondodzi, pakamwa pa Khosi, tiwomba mfuti katatu. Phiri likakhala kuti likufuna kugwa, ligwa pomwepo. Likakhala chete tisuta ndudu imodzi, n'kulowa mwakachetechete, wina asatsokomole. Makolo athu ankatero.

A F. akuti anati, "Chipale chilibe makutu, Mirza. Mfuti imangotonthoza mitima yanu. Chimene chipale chimamva ndi kulemera, ndipo inu mulowamo chigulu, ndi zileyi, mutamangana chingwe chimodzi." Anawauza njira ina. Pamwamba pa Msana wa Bulu, chitunda choyang'ana ku Khosi chija, mphepo yaumba mlomo wa chipale wolendewera ku Khosi. Anthu awiri ataudula ndi chingwe, ugwa, n'kukankha chonse chitsike pansi palibe munthu. Zikatero njira ikhala yabwino.

"Nanga milu?" anafunsa a Mirza.

"Mwina ikwiririka. Mwina ina itsala."

Pamenepo ndiye mzikiti unaphulika. Udzu wa mudzi wonse, thukuta la chilimwe chonse, munthu akaukwirire dala? Imamu anachita kuwakumbutsa kuti ali m'nyumba ya Mulungu.

Agwirizana kupita Lachiwiri m'mawa. Khomo lililonse litulutse mwamuna mmodzi, monga mwa mwambo. Khomo losatulutsa munthu udzu wake sautsitsa, ndipo pa ukwati ndi pa maliro lidzaona lokha.

Perihan anamaliza ndi kuti, "Musadandaule mayi a Nevzat, ukalamba umabwera ndi mantha." Ndinamuyankha kuti kwa ena umabwera ndi pakamwa. Mkate wanga umodzi unapserera.

A F. afika kunyumba ngati palibe chachitika. Adya msuzi wa mphodza, apempha wina, apukuta mbale ndi mkate. Ine ndikuwira ndekha, iwo akutafuna.

Loweruka, 15 Febuluwale

Pa chakudya cham'mawa Nevzat ananena osayang'ana munthu, "Lachiwiri ndipita ine."

Bambo ake anaika kapu pansi. "Khomo lino silitulutsa munthu."

"Ndiye ndiziyenda bwanji m'mudzi muno? Dzulo anzanga amandifunsa ngati kwathu tonse timavala madiresi. Mwana wanga abadwire pakhomo lomwe anthu salipatsa moni?"

"Abadwe ali ndi bambo wake."

"Inuyo mwadutsa pa Khosi kangati? Simuli moyo?"

"Ndili moyo chifukwa masiku ngati ano sindinkadutsa."

Ine ndinalowererapo, ndipo sikunali kuyankhula kwaulemu. Ndinati iwe Nevzat, ndinakubereka m'nyengo ngati ino msewu utatsekeka, ndinatsala pang'ono kupita, sindinavutike chonchija kuti ukafere nkhosa za bambo ako aang'ono. Anangoti, "Amayi, izi ndi za amuna." Za amuna! Kufukula mitembo ndi fosholo mwina n'za amuna, koma otsala ndi ana m'manja ndife.

Delal anangowerama, akupitiriza kuluka mpango wofiira uja, misozi ikugwera paulusi. Madzulo ndinamupeza yekha, ndinati, "Mwana wanga, mwamuna wako amakumvera iwe, muuze." Anati, "Amayi, ndamuuza. Akuti akapanda kupita sadzathanso kundiyang'ana kumaso." Mpangowo waumaliza, wamupatsa. Ndinafuna kumukalipira, koma ndinaona kuti mwanayo alibe china chomupatsa.

Ndakhala ndikuganiza za chaka chomwe Khosi linatenga ana awiri a malemu a Sabri. Tinawapeza chipale chitasungunuka, mmodzi chingwe chikadali m'chiuno. Mayi wawo nyengo yonseyo ankaimika nyali pawindo loyang'ana kuphiri. Nevzat anali wamng'ono, sakumbukira. Nawonso anawomba mfuti tsiku limenelo, koma zimenezo palibe amazitchula.

Ndili ndi mantha. Ndalemba kuti ndione ngati achepe. Sanachepe.

Lamulungu, 16 Febuluwale

Kwagwanso china, chopepuka, mphepo n'kuchinyamula chonse kupita nacho kuseri kwa Msana. Nkhosa yathu imodzi yapoloza. Za a Mirza zikumveka kulira mpaka kuno, ndipo kunena zoona zikumvetsa chisoni. Sindikuwada alamu angawo. Munthu amene khola lake likulira chonchija saganiza bwino.

A F. ayenda makomo angapo kufuna wogwira mbali ina ya chingwe. Kulikonse amwa tiyi, kulikonse awakana mwaulemu. Komaliza afunsa Nevzat. Yankho lake: "Ababa, mukufuna anthu adzatiwotchere nyumba?"

Masana ndinawapeza m'khola akumanga mfundo pa chingwe chachitali chija, mfundo iliyonse akukulungamo kawaya kuti chizidya ngati sowo.

"Mukadula nokha?"

"Ndekha sizitheka. Chimafuna wina uku, wina uko."

"Ndiye mukumangiranji?"

Anangopitiriza kumanga mfundo. Ndinafunsanso.

"Kumsanako n'koyendeka?"

"Mphepo yasesa, miyala ili poyera. Ukamaponda miyala palibe chingakutenge. Kungoti n'kokwera."

"Ndipita ine."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Ndi maondo anu aja?"

"Maondo angawa amakwera padenga lanu tsiku lililonse inu muli phee kuyang'ana mapiri."

Anaseka pang'ono, koyamba mlungu uno. Kenako nkhope inabwerera mwakale. "Udzu ukakwiririka atida mudzi wonse, mayi a Nevzat. Si zamasewera." Ndinati andide, bola andide mwana wanga ali moyo.

Tipita mawa Lolemba kukangocha, pansi palibe munthu. Amunawo ndi a Lachiwiri. Delal ndamuuza kuti tikukaona misampha ya nkhwali, Nevzat akafunsa anene zomwezo. Anandiyang'ana ngati akufuna kufunsa kuti ine misampha ndinayamba liti, koma ndi mwana wakhalidwe.

Ndakulunga mkate ndi tchizi, ndatulutsa masokosi awiriawiri. Ine amene ndikakwera makwerero a padenga sindiyang'ana pansi. Mulungu andigwire dzanja.

Lolemba, 17 Febuluwale

Ali moyo. Onse. Manja akukana cholembera.

Lachiwiri, 18 Febuluwale

Ndikulemba pang'onopang'ono, zala zokha ndi zomwe zili kunja kwa nsalu.

Tinanyamuka dzulo kukucha. Kumwamba kunali mbee, kopanda mtambo, kuzizira kochita kumata mphuno. Ndodo a F. anaisiya, anasenza chingwe. Tinakwera chotsatira miyala ya Msana wa Bulu, iwo patsogolo, ine pambuyo ndikutukwana maondo, phiri, a Mirza ndi nkhosa zomwe. Dzuwa litakwera ndithu tinafika.

Mlomowo ndinali ndisanauonepo pafupi. Ndi waukulu ngati nyumba ziwiri, wopindikira ku Khosi, pansi pake palibe kanthu. A F. anandikhazika pamwala, kutali ndi m'mphepete, anandimanga m'chiuno ndi chingwe china n'kumangirira kumwalako. "Musapitirire apa ngakhale zitavuta bwanji." Anaponya chingwe cha mfundo kuseri kwa mlomowo, anayesa kangapo chisanakole pansi pake, n'kupita mbali yawo. Tinayamba. Iwo akakoka ine ndilekerere, ine ndikakoka iwo alekerere. Chinkadya bwino, mpaka ndinayamba kumva kutentha m'thupi.

Chitalowa mwina theka, tinamva. Phuu. Kuchokera pansi. Phuu. Phuu.

Ndinakwawa mpaka pomwe chingwe cha m'chiuno chinandilola, n'kusuzumira cham'mbali. Pamisondodzi panali anthu, timadontho takuda, ndi zileyi zawo. Patsogolo kadontho kofiira, katanyamula ndodo yaitali. Ndamva pambuyo pake kuti wailesi ya a Mirza inati Lachiwiri kubwera namondwe wina, ndiye ataona kwacha bwino anagogoda makomo kuti tiyeni lero. Nevzat anapeza bambo ake palibe, anatenga ndodo kuseri kwa chitseko.

Ndinakuwa dzina lake. Mphepo inandibwezera m'kamwa. Foni inalibe kanthu.

"Tisiye!" ndinatero. "Bambo a Nevzat, tisiye, ali pansi!"

"Sitingasiye. Tadula kale theka, ugwa wokha iwo ali m'kati. Pamisondodzi chigumukire sichinafikepo. Akusuta fodya. Sosin, koka!"

Chilowereni m'banja sananditchulepo dzina chonchija. Ndinakoka. Magolovesi aubweya aja anang'ambika, ndinamva waya akulowa m'manja, sindinasamale. Koka, lekerera, koka. Maganizo onse anali pa ndudu ya a Mirza, amasuta mofulumira munthu uja. Kenako chingwe chinakakamira, chakumana ndi madzi oundana m'katimo. Tinakoka, osasuntha. Ndinayang'ana pansi. Kadontho kofiira kanali katachoka pamitengo, kakuyenda, ena akudzuka kukoka zileyi.

Ndinakulunga chingwe m'mikono, ndinaponda mwala ndi mapazi onse, n'kudziponya kumbuyo ndi thupi lonse. A F. anachita chimodzimodzi mbali yawo. China chake chinaduka m'katimo. Ndinagwa chagada chingwe chili lende m'manja.

Poyamba kunali zii. Kenako phiri linabuula, kubuula kuja kwa kuseri kwa khola koma kochita kumveka m'mano. Mng'alu unadutsa phiri lonse kuchoka uku kufika uko, ndipo chonse chinanyamuka pamodzi, ngati munthu wakoka nsalu patebulo. Khosi linadzaza. Utsi woyera unakwera n'kuphimba milu, misondodzi, anthu, mudzi. Sindinaonenso kanthu.

Ndinati ndapha mwana wanga. Ndinanena mokweza, kangapo. A F. anandimasula chingwe cha m'chiuno.

Potsika sindikumbukira za maondo. Tili pakati utsi uja unakhazikika, ndinaima kuyang'ana timadontho. Tinkayenda. Tina tinkadzuka, kudzisansa. Kofiira sindinakaone. Onse anali oyera ngati agwera mu ufa. Kenako kadontho kena kanavula chinthu m'khosi n'kuchikutumula, chinafiira. Ndinakhala pansi pachipale pomwepo ndikulira ngati mwana.

Chigumukire chinaima patsogolo pa Nevzat mtunda woti ungaponye mwala. Mphepo yake inamunyamula n'kumuponyera kumitengo, wang'ambika pachipumi basi. Ndodo yapita. Tikanachedwa pang'ono pokha onse akanakhala ali m'Khosi.

Milu yakwiririka yonse kupatula iwiri yakumapeto. Tinalowa m'mudzi cha kuseri anthu onse ali kumisondodzi, palibe anationa. Delal anandisambitsa manja n'kuwamanga. Za nkhwali sanafunse.

Namondwe wa wailesi uja sanabwere n'komwe.

Lachitatu, 19 Febuluwale

Mudzi wonse ukutamanda mfuti ya a Mirza.

Izi sindinaziyembekeze. Akuti phiri linachedwa kumva koma linamva. Palibe anaona munthu pamsana, mphepo inkaulutsa chipale kumeneko. Udzu akuti n'chifuniro cha Mulungu, palibe woimbidwa mlandu. Amuna adutsa pamwamba pa chigumukirecho, chalimba ngati msewu, atsitsa milu iwiri ija n'kugawana, ifenso tapatsidwa gawo chifukwa Nevzat anapita. Ena ayamba kufukula yokwiririka. Nkhosa zina tipha, zina zipulumuka. A F. anandinong'oneza m'khola kuti, "Zisiyeni chomwecho. Tili pamtendere." Nanenso ndinati chabwino, ndipo ndinkanena zoona.

Madzulo a Mirza anabwera kudzaona bala la Nevzat, mfuti ili m'manja ngati khanda. Anakhala pakapeti. Tiyi anathira Delal, popeza ine anthu tawanamiza kuti ndinapsa manja kung'anjo.

"Achimwene, tivomerezane," anatero a Mirza. "Inu munanena zoona kuti ligwa. Ine ndinanena zoona kuti mfuti iligwetsa. Ndodo ya ababa yapita, zachisoni, koma iyi ilipo." Anaisisita.

A F. anangoyang'ana m'kapu.

Ndiye Nevzat, bandeji ili pamutu, maso akuwala, anati, "Bambo aang'ono, ndinaona ndi maso angawa. Chaka chamawa ndipeza yanga. Ndikawomba phiri n'kukhala chete, ine ndizilowa woyamba. Khosi sindidzaliopanso."

Delal anali ataima pakhomo ndi thireyi, dzanja lina pamimba.

Sindinaganize. Ndinamasula nsalu ndi mano, dzanja ili, kenako ili, n'kuika manja onse pakapeti pakati pa makapu, zikhatho kumwamba. Mizere ya waya ikuoneka bwinobwino, mfundo iliyonse inasiya pake.

"Alamu, ng'anjo imawotcha chonchi?"

Anayang'ana manja, anayang'ana achimwene awo.

"Mfuti yanu inalira, phiri silinagwedezeke n'komwe. Munasuta fodya wanu n'kuyamba kulowa. Tinaligwetsa ndife, ine ndi achimwene anuwa, ndi chingwe chili m'kholamo, kachioneni. Udzu wanu ndakwirira ndine. Kauzeni mudzi wonse, muyambire kwa Perihan kuti zifulumire."

A Mirza anaimirira tiyi osamwa. Pakhomo anatembenuka. "Nkhosa zanga, Ferzende." Sanati achimwene. Anatuluka chitseko osatseka, mphepo n'kulowa.

Nevzat anangoyang'ana manja angawa mpaka Delal anabwera kudzawamanganso. A F. anati, "Pakamwa panupa, mayi a Nevzat." Sindikudziwa ngati kunali kudzudzula.

Lachinayi, 20 Febuluwale

Delal wapita kung'anjo, azimayi amusunthira malo koma palibe womuyankhula. Pogawa udzu wofukulidwa lero khomo lathu alidumpha. Mawa tipha nkhosa, tiyambira yopoloza ija. Zikundiwawa, sindinama. Perihan wandiona padenga n'kuyang'ana kumbali.

Kwagwa china pang'ono. Masana ndinamva fosholo kuseri kwa khola, ndimati ndi a F., koma iwo anali pambali panga akumwa tiyi. Ndinasuzumira pawindo. Nevzat ali m'dzenje mpaka m'chiuno, mpango wofiira m'khosi, wapisa dzanja pansi penipeni, akuyang'ana zomwe zili m'chikhatho. Anafumbata, anatambasula, anafumbatanso. Kenako anakuwa osatembenuka.

"Ababa! Tabwerani. Uyu ndiye shuga uja?"

A F. asiya tiyi wa theka. Akufunafuna nsapato.